Guangzhou: mafunso amene anthu amandifunsa za mzinda umene timaodako katundu

Chiyambireni kupita ku Guangzhou kukaoda katundu, mafunso sandithera. Ena amandikoka dzanja potuluka m'tchalitchi, ena amandinong'oneza pa maliro penipeni anzathu akuimba. Ambiri amangofuna kudziwa kumene kumapezeka nsapato zotsika mtengo, koma alipo ena amene amafunsa za mzinda weniweniwo, kuti chuma chonsechi chinachokera kuti ndipo eni ake ndi anthu otani. Mafunso amene amabwerabwera ndawaika pamodzi pano.

Kodi mzinda wa Guangzhou uli mbali iti ya China, ndipo ndi waukulu bwanji?

Uli kummwera kwa dzikolo, m'mbali mwa mtsinje wa Zhujiang umene azungu amautcha Pearl River, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Hong Kong. Ndiwo likulu la chigawo cha Guangdong. Kalembera wa mu 2020 anapeza kuti muli anthu pafupifupi 18.7 miliyoni. Kumbukirani kuti kalembera wathu wa mu 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Ndiye kuti mzinda umodzi wokhawu unali ndi anthu oposa Amalawi tonse amene tinawerengedwa pa kalembera ameneyo. Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola 6: ife tikamadzuka, iwo ali pa chakudya chamasana.

Ena amati Canton, ena Guangzhou, ena Guangdong. Kodi ndi malo amodzi?

Guangdong ndi chigawo, Guangzhou ndi mzinda. Canton ndi dzina limene Apwitikizi anasiya atalephera kutchula bwino Guangdong, ndipo azungu ena onse analitengera pomwepo n'kumalitchulira mzindawo. Dzina lakale kwambiri ndi Panyu, limene lero ndi dzina la dera lina la kummwera kwa mzindawu. Loti Guangzhou linayamba m'chaka cha 226.

Eni ake ali ndi maina ena ouchemerera. Lodziwika kwambiri ndi loti Mzinda wa Mbuzi. Nthano yawo imati kale kunagwa njala yoopsa, ndiye kunatsika anthu asanu a kumwamba atakwera mbuzi zisanu zitaluma ngala za mpunga. Anasiyira anthu mpungawo n'kuwalonjeza kuti njala sidzabweranso, ndipo mbuzizo zinasanduka miyala. Mukapita ku paki ya Yuexiu mukapeza chiboliboli chachikulu cha mwala cha mbuzi zisanuzo, anthu atachiunjirira kujambulitsa.

Malonda ndi anthu akunja anayamba liti kumeneku?

Funso ili limabwera kwa anthu amene amaganiza kuti China inadzuka dzulodzuloli. Mzindawu unakhazikitsidwa m'chaka cha 214 Yesu asanabadwe, pamene asilikali a ufumu wa Qin anafika kummwera. Ufumuwo utagwa, mkulu wa asilikali wina dzina lake Zhao Tuo anadzipangira ufumu wakewake wotchedwa Nanyue, likulu lake pomwepa. Mu 1983 anthu okumba maziko a nyumba anatulukira manda a mfumu yachiwiri ya ufumuwo, Zhao Mo. Mtembo wake unavekedwa chovala cha tizidutswa ta mwala wa jade toposa 2,000, tosokedwa ndi ulusi wa silika. Koma chimene chinandiimitsa ine nthawi yaitali m'nyumba yosungiramo zinthuzi ndi katundu amene anamuika naye: kabokosi ka siliva ka ku Persia, lubani, ndi minyanga ya njovu imene akatswiri amati inachokera ku Africa. Zaka zoposa 2,000 zapitazo, katundu wa ku kontinenti yathu anali atafika kale pa doko limeneli.

M'nthawi ya ufumu wa Tang, Aluya ndi Aperezi anali ndi dera lawolawo mumzindamu, ndipo mu 714 boma linaika ofesala woyang'anira zombo zakunja ndi kutolera msonkho. Mzikiti wa Huaisheng, umodzi mwa mizikiti yakale kwambiri ku China, ulipobe ndi nsanja yake yozungulira. Asilamu akumeneko amati anaumanga ndi Sa'd ibn Abi Waqqas, mnzake wa Mtumiki Muhammad, ngakhale olemba mbiri ambiri savomereza zimenezo. Ulendo sunali wokoma nthawi zonse. Kumapeto kwa zaka za m'ma 870, gulu loukira boma la Huang Chao linalanda mzindawu n'kupha amalonda akunja ochuluka zedi.

Ndinamva kuti kale azungu ankaloledwa kugula katundu ku Guangzhou kokha. Ndi zoona?

Ndi zoona, ndipo kwa ine nkhani imeneyi ndiyo imamasula khalidwe la mzindawu mpaka lero. Mu 1757 mfumu Qianlong inalamula kuti zombo za amalonda a ku Ulaya zizikocheza ku Guangzhou basi. Lamuloli linagwira ntchito mpaka 1842. Kwa zaka 85, tiyi yense, silika ndi mbale zadothi zimene zinkapita pa nyanja ku London, Amsterdam kapena Boston zinkadzera pa khomo limodzi lomweli.

Koma taonani mmene mlendo ankasungidwira. Anapatsidwa kamzere kamodzi ka nyumba m'mbali mwa mtsinje, kunja kwa linga la mzinda, kotchedwa Shisanhang, kapena kuti nyumba 13 za malonda. Kulowa mumzinda sankaloledwa. Kubwera ndi mkazi wake sankaloledwa. Munthu wa ku China womuphunzitsa chiyankhulo ankapalamula mlandu waukulu. Nyengo ya malonda ikatha ankayenera kupakira n'kukadikirira ku Macau, kumene Apwitikizi anakhazikika kuyambira 1557. Ndipo sankagula kwa aliyense ayi, koma kwa kagulu ka amalonda ovomerezedwa ndi boma kotchedwa Cohong. Mlendo akalakwa, amene ankayankha kwa akuluakulu a boma ndi wamalonda amene anamuimirayo. Mmodzi mwa iwo, Wu Bingjian, amene azungu ankamutcha Howqua, chuma chake chinawerengeredwa pa madola a siliva 26 miliyoni mu 1834, ndipo anali mmodzi mwa anthu olemera kwambiri pa dziko lonse.

Ndalama za mlendo ankazifuna, koma mlendoyo sankamuchotsa diso. Aliyense amene anaimitsidwapo pa msewu ku Xiaobei, dera limene kumapezeka anthu ambiri a ku Africa, kuti aonetse pasipoti angavomereze kuti mtima umenewu sunathe. Chosangalatsa n'chakuti dzina la Shisanhang lilipobe m'dera lomwelo, ndipo lero ndi msika waukulu wopikulitsa zovala za amayi. Malo amene Mngelezi ankalawa tiyi ndi omwewo amene alongo athu amakankhana ndi onyamula mabelo mmamawa.

Nanga nkhondo ya opium inayamba bwanji?

Inayamba chifukwa cha tiyi. Angelezi ankamwa tiyi wambiri, koma analibe katundu amene anthu a ku China ankamufuna, choncho ankalipira ndi siliva. Poona kuti siliva akuwathera, anayamba kubweretsa opium wolimidwa ku India, mankhwala ozunguza bongo amene China inali italetsa. Anthu atazolowera kusuta, siliva uja anayamba kuyenda chobwerera.

Mu 1839 mfumu inatuma Lin Zexu kudzathetsa zimenezi. Iye anatsekera amalonda akunja m'nyumba zawo zija mpaka anapereka mabokosi a opium oposa 20,000. Anakumbitsa maenje akuluakulu ku Humen, kumatsiriro a mtsinje, n'kusakaniza opiumyo ndi madzi, mchere ndi laimu, kenako n'kutsegulira zonsezo m'nyanja. Britain inatumiza zombo zankhondo. China itagonja inasainira pangano la ku Nanjing mu 1842: inapereka chilumba cha Hong Kong, inatsegula madoko asanu kuphatikizapo Shanghai, ndipo inalipira madola a siliva 21 miliyoni, mbali ina yake ngati chipukutamisozi cha opium yemwe uja. Wolanda mankhwala oletsedwa ndiye analipira wogulitsa.

Guangzhou anataya mwayi wokhala khomo lokhalo, ndipo malonda ambiri anasamukira ku Shanghai ndi Hong Kong. Nyumba 13 zija zinapsa mu 1856 pa nkhondo yachiwiri ya opium, ndipo Angelezi ndi Afalansa anatenga kachilumba ka Shamian. Nyumba zawo za chizungu zilipobe pansi pa mitengo ikuluikulu, ndipo masiku ano akwati amakajambulitsirako zithunzi za ukwati.

Pa ndale za China mzindawu unachitapo chiyani?

Anthu a kummwera, pokhala kutali ndi Beijing komanso pafupi ndi nyanja, sankachedwa kuukira. Sun Yat-sen, amene anatsogolera kugwetsa ufumu, anabadwira m'chigawo chomwechi mu 1866. Mu Epulo 1911 omutsatira anaukira boma mu Guangzhou n'kugonja, ndipo 72 mwa ophedwawo anaikidwa ku Huanghuagang. Chaka chomwecho chisanathe ufumu unayamba kugwa. Sukulu ya asilikali ya Whampoa inatsegulidwa mu 1924, mkulu wake ali Chiang Kai-shek, ndipo Zhou Enlai ankagwira ntchito pomwepo. Mao Zedong anayendetsa sukulu ya atsogoleri a alimi mumzinda womwewu mu 1926. Anthu amene anadzamenyana koopsa pambuyo pake, Chiang mbali ino, achikomyunizimu Mao ndi Zhou mbali inayo, anayambira m'bwalo limodzi. Japan inalanda mzindawu mu 1938, ndipo asilikali achikomyunizimu analowa mu Okutobala 1949.

Ndiye chuma cha masiku anochi chinabwera bwanji?

Khomo silinatsekedwe konse, ngakhale m'nthawi ya Mao. Mu 1957, maiko a azungu atakhwimitsa malonda ndi China, boma linkasowa ndalama zakunja, vuto limene ife sitifunika kulongosoleredwa. Linayambitsa chionetsero cha malonda cha Canton Fair, ndipo kwa zaka zambiri mlendo wofuna kugula katundu ku China ankadzera pamenepa.

Mtsogoleri wa China Deng Xiaoping atayamba kusintha kayendetsedwe ka chuma mu 1978, chigawo cha Guangdong ndicho chinapempha kuti chitsogole. Amene ankachilamulira nthawiyo anali Xi Zhongxun, bambo ake a Xi Jinping. Shenzhen, amene anali tauni yaing'ono ya m'malire, anasandutsidwa dera lapadera la za chuma mu 1980, ndipo Guangzhou anaikidwa pa mizinda 14 ya m'mbali mwa nyanja imene inatsegulidwa mu 1984. Apa ndi pamene ubale unagwira ntchito. Eni mafakitale a ku Hong Kong ankayankhula chiyankhulo chimodzi ndi anthu a ku Guangdong, ndipo ambiri midzi ya makolo awo inali yomweyi. Anawolotsa makina ndi mpamba, n'kupeza malo otchipa ndi achinyamata miyandamiyanda ochokera m'midzi ya ku Hunan, Sichuan ndi Guangxi okonzeka kugwira ntchito usana ndi usiku. China italowa m'bungwe la zamalonda la dziko lonse la WTO mu 2001, zinthu zinachita kusefukira.

Lero si zovala zokha. Kuli mafakitale a galimoto a GAC, amene amagwira ntchito limodzi ndi Honda ndi Toyota, komanso likulu la kampani ya galimoto zamagetsi ya XPeng ndi la ndege za China Southern. WeChat, imene anthu a ku China amaimbirana, kulemberana ndi kulipirira chilichonse, inapangidwa mu Guangzhou n'kutuluka mu 2011. Mu 2023 chuma cha mzindawu chinapitirira ma yuan (ndalama ya ku China) 3 thililiyoni. Komabe Shanghai, Beijing ngakhalenso Shenzhen, mwana wa dzulo uja, ali patsogolo pake, ndipo zimenezi eni Guangzhou zimawadya moyo pang'ono.

Kodi katundu yense amene timaodayu amapangidwa mu Guangzhou momwemo?

Ayi. Guangzhou ndi msika, minda yake ndi matauni oyandikana nawo. Matailosi, masinki ndi zimbudzi zogejemula kwawo ndi ku Foshan. Mipando ndi masofa ndi ku Lecong, kumene mashopu andandalikana makilomita angapo. Nyale ndi mababu ndi ku Guzhen, ku Zhongshan. Mafoni ndi zipangizo zake ndi ku Huaqiangbei, ku Shenzhen. Majinzi amasokedwa ku Xintang, zikwama ku Shiling. M'kati mwa mzinda, nsalu mumazipeza ku Zhongda, zovala ku Baima ndi ku Shahe, zachikopa ku Sanyuanli, zidole za ana ku msewu wa Yide, tiyi ku Fangcun.

Mphamvu yawo yagona pamenepa. Wosoka buluku amapeza nsalu, zipi, mabatani, ulusi ndi wosindikiza dzina onse pa mtunda woyenda pansi. Mukamuonetsa diresi pa foni Lolemba, Lachinayi mumapeza chitsanzo chili m'manja mwanu.

Nanga bwanji katundu wa ku China sachedwa kutha?

Apa ndiyankha mosapsatira: nthawi zambiri timagula zimene tapempha. Shopu imodzi yomweyo imakhala ndi sandasi zooneka chimodzimodzi za mitengo itatu. Mukanenerera mpaka pansi, wogulitsa sakana. Amamwetulira, n'kulemba mtengo wanuwo pa foni, kenako amakauza fakitale kuti ichepetse guluu ndi kupepuza soli. Mafoni okwera mtengo amene anthu amanyadira nawo m'tauni nawonso ambiri amapangidwa ku China komweko.

Koma achinyengo alipo. Ulendo wanga wachiwiri ndinaoda makatoni a masiketi, chitsanzo chake chokongola, nsalu yolemera bwino. Ndinalipira theka, ndipo tsiku lopakira ndinatsegula katoni imodzi yokha ya pamwamba chifukwa ndinkathamangira ndege. Katundu atafika ku Limbe, makatoni apansi anali a nsalu yopyapyala yoti mukaiyanika mumaonera tsidya. Foni ya wogulitsa uja inali itasiya kulira. Chiyambire pamenepo ndimasunga chitsanzo chimene tonse tasainapo, ndipo ku nyumba yopakirako katundu ndimakhala pansi n'kutsegula makatoni a pakati ndi apansi, ngakhale onyamula aziyang'ana nthawi.

Kodi munthu wa mpamba wochepa angapindule ndi Canton Fair?

Kukaona inde, kukagula kawirikawiri ayi. Chionetserochi chimachitika kawiri pa chaka ku Pazhou, kuyambira pa 15 Epulo ndi pa 15 Okutobala, m'magawo atatu a masiku asanu asanu: loyamba la makina ndi zamagetsi, lachiwiri la katundu wa m'nyumba ndi zokongoletsera, lachitatu la zovala, nsapato ndi zachipatala. Amene amaonetsa kumeneko ndi mafakitale ofuna munthu wodzaza kontena. Wofuna madazeni ochepa akapeza bwino m'misika yopikulitsa ija. Dziwaninso kuti m'masabata amenewo mitengo ya malo ogona imakwera kwambiri.

Akuti kuli anthu akuda ambiri. Amakhala bwanji ndi eni dziko?

Amapezeka kwambiri ku Xiaobei ndi ku Sanyuanli. Anayamba kuchuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ambiri ochokera ku Nigeria, Mali, Guinea, Senegal ndi DR Congo. Nyumba ya Tianxiu ku Xiaobei inatchuka chifukwa cha maofesi awo otumiza katundu. Mu 2014 akuluakulu a mzinda ananena kuti kuli anthu a ku Africa pafupifupi 16,000, ngakhale mphekesera zinkatchula chiwerengero chachikulu zedi kuposa apo. Kuchokera nthawi imeneyo achepa, chifukwa viza inavuta ndipo mitengo inakwera. Lamulungu masana ambiri amasonkhana pa Misa ya Chingelezi ku tchalitchi cha Sacred Heart, chomangidwa ndi miyala yokhayokha pakati pa 1863 ndi 1888. Alipo amene anakwatira kumeneko, ndipo ana awo amayankhula Chitchaina chosalala.

Pa malonda mumatchedwa pengyou, kutanthauza bwenzi, ndipo ena amakhaladi abwenzi. Koma sindinganame kuti tsankho kulibe. Pena mu sitima mpando woyandikana nanu umakhala wopanda munthu anthu ataimirira. Choipitsitsa chinachitika mu Epulo 2020 m'nthawi ya Covid-19, pamene anthu a ku Africa anatulutsidwa m'nyumba za lendi ndi m'mahotela, ena n'kugona pa msewu. Akazembe a maiko a Africa ku Beijing analemba kalata yodandaula, ndipo Moussa Faki, amene ankatsogolera nthambi yoyendetsa African Union, anaitanitsa kazembe wa China kuti alongosole. Langizo langa ndi limodzi: pasipoti isachoke m'thumba, ndipo masiku a viza musapyoze ngakhale limodzi.

Amalawi tinayamba liti kupitako, ndipo katundu amafika bwanji kuno?

Njira inatseguka kwenikweni boma la Bingu wa Mutharika litasiya ubale wa zaka 41 ndi Taiwan n'kugwirizana ndi Beijing mu Disembala 2007. Ambiri timadzera ku Addis Ababa, kumene kuli ndege yolunjika ku bwalo la Baiyun ku Guangzhou. Katundu wopepuka amabwera pa ndege molipira pa kilo. Wolemera amalowa m'kontena imene anthu angapo mumagawana, aliyense kulipira malinga ndi malo amene makatoni ake atenga. Amatsikira ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, n'kulowa pa Mwanza, Dedza kapena Songwe, kumene a MRA amakhala akudikira ndi msonkho wawo. Ine ndimawerengera miyezi iwiri kapena itatu.

Chimene chapha geni ya ambiri si mtunda koma dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ena amene anali ataoda kale anapeza kuti ndalama ya katundu yense amene agulitse siingagulenso katundu wochuluka chimodzimodzi. N'chifukwa chake ambiri tsopano sakwera ndege, amangotumiza zithunzi ndi ndalama kwa ejenti amene ali komweko.

Amayankhula chiyankhulo chanji?

Eni nthaka amayankhula Chikantoni, chimene ndi chiyankhulonso cha ku Hong Kong ndi Macau. Chiyankhulo cha boma ndi cha kusukulu ndi Chimandarini, ndipo poti obwera ndi ochuluka, m'misika mumamva chimenechi. Ziwirizi n'zosiyana moti wodziwa chimodzi samva chinzake. Zonse zimadalira kukweza ndi kutsitsa mawu, monga mmene ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika, koma kwawoko liwu lililonse limatero: Chimandarini chili ndi kamvekedwe kanayi, Chikantoni kasanu ndi kamodzi. Eni mzinda amachikonda chiyankhulo chawo. Mu Julayi 2010 anthu anakhamukira m'misewu atamva maganizo oti wailesi ya kanema ya mumzindamu ichepetse mapulogalamu a Chikantoni.

Pa msika mawu awiri amakwanira: duo shao qian, kufunsa mtengo, ndi tai gui le, kudandaula kuti wakwera. Zotsalazo imamaliza ndi foni. Koma WhatsApp, Facebook ndi Google n'zotsekedwa kumeneko, choncho ikani WeChat musananyamuke.

Zoti amadya agalu ndi njoka n'zoona? Ine ndikadya chiyani?

Anzawo a kumpoto kwa China nawonso amawaseka anthu a ku Guangdong kuti amadya chilichonse. Njoka ndi nyama zina zakutchire zinkadyedwadi, ndipo matenda a SARS, amene anayambira m'chigawochi mu 2002, anapezeka mwa zombwe za m'misika. Mu 2020 boma linaletsa kudya nyama zakutchire. Koma ife amene timagula mbewa zopanidwa pa msewu wa ku Dedza tisamafulumire kuseka. Munthu wamba kumeneko amadya mpunga, nsomba, nkhumba, nkhuku, bakha ndi masamba, ndipo kaphikidwe kawo sikochulutsa tsabola. Amanyadira kuti nsomba imene mukudya inali ikusambira mphindi zochepa zapitazo.

Chimene simuyenera kuphonya ndi yum cha, kumwa tiyi wa mmawa. Pitani ku nyumba yakale ngati Tao Tao Ju cha m'ma 8 koloko. Mukapeza agogo atadzaza matebulo ozungulira, wina atafunyulula nyuzipepala, phokoso ngati la pa msika. Choyamba amakubweretserani beseni laling'ono, ndipo mumatsuka kapu, mbale ndi timitengo todyera ndi tiyi wotentha n'kukhuthulira m'besenimo. Ine tsiku loyamba ndinamwa tiyi wotsukirayo, mayi wina wokalamba n'kuseka mpaka kupukuta misozi, kenako anandionetsa ndi manja. Zakudya zimabwera m'timadengu tansungwi totuluka nthunzi: har gow wa nkhanu zazing'ono za m'nyanja m'chikopa choonekera, siu mai, mabanzi oyera okhala ndi nkhumba yotsekemera m'kati, phala la mpunga, ndi zipalapasiro za nkhuku zofewa moti zimasungunuka m'kamwa. Wina akakuthirirani tiyi simulankhula, mumangogogoda tebulo ndi zala ziwiri. Tiyi akatha mumasiya chivundikiro cha tipoti chili pambali, woperekera amadziwa yekha. Asilamu asade nkhawa, ku Xiaobei kuli malo ambiri odyera a halaal, ndipo amene nsima yawasowa amapeza fufu wa anzathu a kumadzulo kwa Africa, amene sasiyana kwenikweni ndi kondowole.

Kupatula misika, kuli chiyani choti munthu aone?

Nsanja ya Canton Tower, yotalika mamita pafupifupi 600, inamalizidwa mu 2010 pokonzekera masewero a Asian Games, ndipo aliyense amajambulitsapo. Ine ndimakonda mbali yakale ya kumadzulo, ku Enning ndi Shangxiajiu, kumene nyumba zam'mwamba zimatulukira pamwamba pa njira ya oyenda pansi, moti mumayenda msewu wonse osanyowa ndi mvula. Nyumba ya makolo ya fuko la Chen, yomalizidwa mu 1894, inamangidwa ndi zopereka za mabanja a mfunda umenewu m'chigawo chonse kuti ana awo odzalemba mayeso a boma azifikirapo. Denga lake ladzaza zosema mpaka maso kutopa.

Masiku otsala pang'ono kulowa chaka chawo chatsopano, misewu ina imatsekedwa n'kusanduka misika ya maluwa, ndipo banja lililonse limanyamula kamtengo ka timalalanje kapena nthambi ya mapichesi. Okwatira amapatsa ana ndi osakwatira timaenvelopu tofiira ta ndalama. Pa tsiku lachisanu la mwezi wawo wachisanu midzi yakale ngati Liede imatulutsa mabwato aatali a mutu wa chinjoka, ng'oma ikulira, ndipo opalasawo ena ndi eni nyumba za lendi olemera kuposa aliyense woonerera. Zisudzo zawo zoimba za Chikantoni zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2009. Luso lina limene mzindawu unatchuka nalo ndi kusema mipira ya minyanga, mpira m'kati mwa mpira unzake, wina uliwonse wozungulira pawokha. Luso lake ndi lodabwitsa, koma njovu zake zambiri zinali za kuno kwathu ku Africa, ndipo China inatseka malonda a minyanga kumapeto kwa 2017.

Ndiye kuti aliyense kumeneko ndi wolemera?

Ayi ndithu. Kuseri kwa nyumba zagalasi kuli midzi yakale imene mzinda unaimeza, monga Shipai ndi Kangle. Eni ake anamanga nyumba za lendi zothithikana moti anthu a m'nyumba ziwiri zoyang'anizana angathe kupatsana moni wa dzanja pa windo, ndipo pansi pake dzuwa silifika. M'menemo ndi mmene mumagona osoka zovala zimene timaodazi, olipidwa pa chovala chilichonse chimene amaliza. Lamulo la hukou limamangirira munthu ku dera limene analembetsedwa, choncho wobwera amavutika kupezera ana ake malo m'sukulu za boma, ndipo ambiri amawasiya kumudzi ndi agogo. Mu 2003 mnyamata wina wa ku Hubei, Sun Zhigang, anagwidwa mumzindamu chifukwa chosowa chiphaso chokhalira ndipo anafa atamenyedwa ali m'manja mwa boma. Nyuzipepala ya Southern Metropolis Daily itaulula nkhaniyi, dziko linakwiya mpaka lamulo logwira ndi kubweza obwera linathetsedwa chaka chomwecho.

Olemeranso amagwa. Kampani yomanga nyumba ya Evergrande inayambira ku Guangzhou mu 1996, ndipo timu yake ya mpira inatenga chikho cha makalabu a ku Asia mu 2013 ndi 2015. Mu 2021 inalephera kubweza ngongole, ndipo mu Januwale 2024 khoti la ku Hong Kong linalamula kuti ithetsedwe. Anthu ambiri amene analipiriratu nyumba anatsala akuyang'ana zipupa zosamaliza.

Nthawi yabwino yopitako ndi iti?

Okutobala mpaka Disembala, kunja kukakhala kouma ndi kozizirira bwino. Kuyambira Epulo mpaka Seputembala ndi mvula ndi chifundizi chonga cha ku Nsanje, ndipo nthawi zina kumawomba anamondwe ochokera kunyanja. Cha mu Malichi kumabwera chinyezi choti makoma ndi matailosi a m'nyumba amachita thukuta, zovala osauma masiku atatu. Koma nthawi yoti muipewe zedi ndi ya chaka chawo chatsopano, chimene chimagwa pakati pa kumapeto kwa Januwale ndi pakati pa Febuluwale. Antchito onse amapita kumidzi kwawo, misika imatseka, ndipo mafakitale ena amatenga mwezi wathunthu asanayambirenso bwinobwino. Sabata yoyamba ya Okutobala nayonso ndi tchuthi cha dziko lonse. Amene akufuna katundu wa Khirisimasi akhale atapakira kontena pofika kumayambiriro kwa Seputembala.